Tifunseni: Chikondwerero Chikawapeza Ena Ali pa Ntchito Kapena pa Mavuto

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, koma chotidabwitsa n'chakuti ochepa okha ndiwo akufunsa za madyerero. Ochuluka akufunsa za anthu amene sadzakhala nawo pa madyererowo, ena chifukwa cha ntchito, ena chifukwa cha maliro, ndende kapena kusowa. Tasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo atikwanire. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba sitiwatchula.

FUNSO: A Mkonzi, amuna anga ndi namwino pa chipatala china chachikulu, ndipo chaka chino n'chachitatu chotsatizana kuikidwa pa ntchito ya usiku pa 24 ndi 25 Disembala. Ana athu ayamba kunena kuti bambo awo amakonda odwala kuposa iwo, ndipo inenso, kunena zoona, mtima umandiwawa ndikaona mabanja ena ali pamodzi. Ndiwauze chiyani anawa, nanga ndichite chiyani kuti bambo awo asamadzione ngati oiwalika? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, musadziimbe mlandu chifukwa cha kuwawa kwa mtimako, pakuti munthu sadandaula kusowa kwa munthu amene samukonda. Anawo akufunika kuuzidwa zoona, ndipo zoona zake n'zakuti matenda ndi uchembere sizidziwa kalendala. Pa dziko lonse lapansi pamabadwa ana oposa 350,000 tsiku lililonse, ndipo mwana amene nthawi yake yakwana sadikira kuti azamba amalize kusangalala. Matenda nawo sapuma. Kafukufuku amene David Phillips ndi anzake adafalitsa mu 2004, ataunika ziphaso za imfa za anthu mamiliyoni ambiri ku United States, adaonetsa kuti imfa za matenda a mtima zimachuluka pa 25 ndi 26 Disembala ndi pa 1 Januwale kuposa masiku ena a chaka, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo adaganizira n'chakuti anthu amazengereza kupita kuchipatala poopa kusokoneza chisangalalo cha pakhomo. Ndiye kuti usiku umene ana anu amafuna bambo awo, pali banja lina limene likuwafunanso kuti bambo wa kumeneko aone m'mawa.

Auzeninso kuti bambo awo sali okha. Usiku womwewo alonda ali pa zipata, apolisi ndi ozimitsa moto ali maso, oyang'anira makina a magetsi ndi madzi ali pa malo awo, ndipo madalaivala ali pa msewu kunyamula anthu amene akupita kukasangalala. Pa nyanja zikuluzikulu pali amalinyero pafupifupi mamiliyoni awiri amene amayendetsa sitima zonyamula katundu woposa magawo 80 pa 100 alionse a malonda a pakati pa mayiko, ndipo ambiri mwa iwo amatha miyezi yambiri osaponda kwawo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa madoko, pafupifupi 400,000 adakhalabe pa sitima nthawi ya mgwirizano wawo wa ntchito itatha kale. Ana amakonda nkhani, choncho mukhoza kuwasimbira kuti pa 24 Disembala 1968 amuna atatu, Frank Borman, Jim Lovell ndi William Anders, adali pa ntchito mu chombo cha Apollo 8 akuzungulira mwezi, makilomita pafupifupi 380,000 kuchokera kwa ana awo. Ndipo ngati banja lanu ndi lachikhristu, tsegulani Luka 2:8, muone kuti oyamba kumva uthenga wa kubadwa kwa Yesu adali abusa amene adali kubusa usiku, akuyang'anira nkhosa pamene anthu ena adali mtulo.

Nkhani zimenezi zingatonthoze ana, koma amuna anu akufunika zinthu zooneka. Choyamba ndi tulo. Akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, adaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maola 17 osagona amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene wamwa mowa pa mlingo umene mayiko ambiri amaletsa kuyendetsa galimoto. Chotero akafika m'mawa, musawalandire ndi alendo odzaza nyumba kapena ulendo wautali woti ayendetse okha galimoto, chifukwa kuteroko n'kuwapatsa ntchito yachiwiri yosalipidwa, ndiponso yoopsa. Aloleni agone, ndipo ana aphunzire kuti kusachita phokoso m'mawa umenewo ndiyo mphatso yawo kwa bambo awo.

Chachiwiri, sunthani tsiku la chikondwerero cha pakhomo panu. Palibe tchimo pamenepo. Akhristu a ku Ethiopia, a ku Russia ndi a mpingo wa Coptic ku Egypt amakondwerera kubadwa kwa Yesu pa 7 Januwale, a ku Armenia pa 6 Januwale, ndipo palibe amene amanena kuti chikondwerero chawo n'chochepa. Sankhani tsiku limene bambowo ali pa mpumulo, muwauze ana padakali nthawi, ndipo zabwino zonse zisungidwire tsiku limenelo, kuti asamabwere kudzapeza zotsala za dzulo.

Pali mawu amodzi m'kalata yanu amene sitingawadumphe, akuti chaka chachitatu chotsatizana. Zimenezo sizachilungamo, pokhapokha ngati amuna anu amadzipereka okha. Malo a ntchito oyendetsedwa bwino amasinthanitsa anthu, kotero kuti wogwira pa Khirisimasi amapuma pa Chaka Chatsopano, ndipo chaka chotsatira zimatembenuka. Alimbikitseni kuti akakambirane ndi owayang'anira mwaulemu, ndondomeko ya chaka chamawa isanalembedwe, pakuti dandaulo lobwera ndondomeko itapachikidwa kale limangobala mkangano ndi anzawo.

Kwa owerenga ena amene akufuna kuthokoza anamwino ndi apolisi, tikuti mawu othokoza ndi abwino, koma choposa ndicho kusawaonjezera ntchito. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo aliyense woyendetsa galimoto ataledzera akutumiza ntchito kwa anthu otopa kale. Amene thupi lawo likulola akapereke magazi nyengo isanafike, chifukwa opereka amachepa pa tchuthi pamene ovulala sachepa, komanso magazi sasungika mpaka kalekale: maselo ofiira amatha masiku pafupifupi 42, ndipo tizigawo tothandiza kuti magazi aundane pa bala timatha masiku asanu mpaka asanu ndi awiri okha.

FUNSO: A Mkonzi, ndili ndi mtsikana wantchito amene wakhala nafe zaka zinayi. Chaka chino tikuyembekezera alendo ambiri, ndiye ndamuuza kuti sapita kwawo mpaka chikondwerero chitatha. Ndamugulira chovala chatsopano ngati chomuthokozera, koma chiyambire kumuuza nkhaniyi sakuoneka wosangalala, ndipo akazi anga akuti ndalakwa. Kodi ndalakwa pati, popeza ndamukumbukira? Ndine bambo wofuna kumvetsa.

YANKHO: Bambo, akazi anu akunena zoona, ngakhale kuti mtima wanu sudali woipa. Mwalakwa pawiri. Mudamuuza m'malo momufunsa, kenako mudaika mphatso pamalo pamene pamayenera kukhala malipiro. Mtsikanayo nayenso ali ndi makolo kapena ana amene akhala akuwerenga masiku, ndipo chovala, kaya chikongole bwanji, sichingakhale pansi n'kucheza ndi mayi ake.

Kupuma kwa wantchito si chifundo cha bwana. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la International Labour Organization lidakhazikitsa mu 1921 pangano lakuti wogwira ntchito m'mafakitale azipuma maola 24 otsatizana pa masiku asanu ndi awiri alionse. Padatenga zaka 90 kuti, mu 2011, pangano nambala 189 linene zomwezo za antchito a m'nyumba, ndipo kuchedwa kumeneku kukutiuza mmene anthu amaiwalira msanga wantchito amene amamuona tsiku ndi tsiku. Bungwe lomwelo lidawerengera mu 2021 kuti antchito a m'nyumba alipo oposa 75 miliyoni pa dziko lonse, ndipo atatu mwa anayi alionse ndi akazi. Malamulo a ntchito a mayiko ambiri amanena kuti wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma alandire malipiro oonjezera kapena apatsidwe tsiku lina lopuma, ndipo lamulo lotero silitha mphamvu chifukwa chakuti ntchitoyo ikuchitikira kukhitchini kwanu.

Khalani naye pansi, akazi anu ali pomwepo, mumufotokozere vuto lanu la alendo, ndipo mumufunse ngati angathe kutsala. Mumuuze malipiro oonjezera amene adzalandire ndi masiku enieni amene adzapite kwawo, mutchule ndi madeti omwe. Akakana, musamusungire mangawa. Funani wina woti mumulipire masiku amenewo, kapena gawanani ntchito pakhomo, chifukwa alendo ndi anu ndipo manja muli nawo. Akavomera, mulipireni malipiro a mweziwo msanga kuti atumize kwawo chikondwerero chisanafike. Buku la Deuteronomo 24:15 lidalamula kalekale kuti waganyu wosauka alipidwe dzuwa lisanalowe, popeza mtima wake uli pa malipirowo, ndipo ndalama yofika pa 28 Disembala sithandiza banja limene limaiyembekezera pa 23.

Chovalacho mumupatsebe, koma chibwere pamwamba pa malipiro ndi mpumulo. Ndipo tsikulo adye nthawi imene ena akudya, chakudya chomwecho, osati kudikira mbale zitabwerera.

FUNSO: A Mkonzi, mayi amene tayandikana nawo nyumba adataya mwana wawo wamwamuna pa ngozi mwezi wa Ogasiti. Amuna awo adamwalira kale, ndipo panopa amakhala okha. Ndikufuna kuwaitana kuti adzakhale nafe pa Khirisimasi, koma ndikuopa kuti chimwemwe cha ana anga chiwatsegulanso bala. Mlamu wanga akuti ndiwasiye, akafuna thandizo anena okha. Ndidamvanso kuti anthu ambiri amadzipha nyengo imeneyi, ndiye ndili ndi mantha. Ndine mnansi wodera nkhawa.

YANKHO: Mlamu wanuyo akuganiza ngati akuluakulu amene adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa za m'mimba mawuwo ndi oona, koma chisoni chimagwira ntchito mosiyana, chifukwa chimene chimayamba kufa mwa wofedwa ndi mphamvu yomweyo yotsekulira chitseko. N'chifukwa chake mawu akuti mukafuna kanthu mundiuze, ngakhale amanenedwa ndi mtima wabwino, kawirikawiri sabala kanthu. Amasenzetsa wofedwayo ntchito yoganiza chimene akufuna, yolimba mtima kupempha, ndi yopirira manyazi ngati wapempha nthawi yolakwika.

Pitani nokha mukawaitane, ndipo kuitanako kukhale kwachindunji: tsiku lakuti, nthawi yakuti, ndidzabwera kudzakutengani. Muonjezepo kuti ali ndi ufulu wokana, wosintha maganizo m'mawa wa tsikulo, kapena wobwerera kunyumba nthawi iliyonse popanda kufotokoza chifukwa. Akakana, musaumirire ndiponso musakhumudwe. Afunseni ngati mungawapititsire chakudya n'kukhala nawo kanthawi madzulo. Anthu ena ofedwa amafuna khamu kuti tsiku lidutse msanga, ena amafuna bata, ndipo munthu yemweyo akhoza kufuna bata chaka chino n'kudzafuna khamu chaka chamawa. Safunsa adadya phula, choncho musawasankhire.

Za bala limene mukuopa kutsegula, dziwani kuti silidatsekeke. Mayi amene adaika mwana m'manda miyezi inayi yapitayo sakumbutsidwa ndi inu, amadzuka naye m'maganizo m'mawa uliwonse. Chimene ofedwa ambiri amadandaula nacho ndi anthu amene amapewa kutchula dzina la malemuyo ngati kuti sadakhaleko. Ngati mudamudziwa mnyamatayo, mutchuleni dzina, ndipo mukumbukire kanthu kabwino kamene adachita. Akalira, musathamangire kuwatontholetsa, pakuti Aroma 12:15 sakutiuza kuti tiletse olira, akutiuza kuti tilire nawo. Pewani mawu ofuna kutseka nkhani, monga akuti iwalani, limbani mtima, kapena onani ena adataya ana awiri. Pewaninso kuwayeza ndi masitepe asanu a chisoni amene anthu amakonda kutchula. Dokotala wa matenda a maganizo Elisabeth Kübler-Ross adawafotokoza mu 1969 pokamba za odwala amene adauzidwa kuti atsala pang'ono kumwalira, ndipo sadali ndondomeko yoti wofedwa aliyense aitsate mwezi ndi mwezi.

Tsopano za mantha anu. Nkhani yakuti anthu amadzipha kwambiri pa Khirisimasi imabwerezedwa chaka ndi chaka, koma kaundula wa imfa wa ku United States, kumene nkhaniyi yafufuzidwa kwa zaka zambiri, amaonetsa kuti Disembala ndi umodzi mwa miyezi imene imfa zotere zimachepa, ndipo zimakwera miyezi yotsatira, nyengo yozizira ya kumeneko ikatha. Sitikunena izi kuti mugone tulo, koma kuti muone pamene pali ngozi yeniyeni, pamene ndi pa masabata amene alendo abalalika ndipo aliyense wabwerera ku zake. Mukamva mayiwo akunena kuti moyo ulibenso phindu, kuti akufuna kutsatira mwana wawo, kapena mukaona akugawa katundu wawo mosayembekezereka, afunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikudzala maganizowo mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa akapeza wina wosaopa kumva yankho. Akavomera, musawasiye okha, chotsani pafupi mankhwala ndi zinthu zina zoopsa, ndipo mupite nawo kwa achipatala tsiku lomwelo.

Musadere nkhawa kuti simudaphunzire uphungu. Mu 1953 mbusa wina wa ku London, Chad Varah, adayamba kulandira mafoni a anthu ofuna kudzipha, ndipo posakhalitsa adaona kuti anthu wamba odzipereka, amene amangocheza ndi odikira pakhomo pa ofesi yake n'kumawamvetsera, amathandiza ambiri mwakuti ena amabwerera osafunanso kuonana naye. Umu ndi mmene lidayambira bungwe la Samaritans, limene mpaka lero maziko ake ndi kumvetsera. Kusungulumwa kwafika poti Britain idasankha nduna yoona za vutoli mu 2018, Japan mu 2021, ndipo World Health Organization idati mu 2025 munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amavutika nako. Nduna sidzagogoda pakhomo pa mayiwo, koma inu mumakhala pafupi. Lembani penapake tsiku limene mwanayo adabadwa ndi limene adamwalira, kuti masiku amenewo mudzawayendere ngakhale pasakhale chikondwerero chilichonse.

FUNSO: A Mkonzi, gulu lathu la achinyamata limasonkha ndalama chaka chilichonse n'kukapereka mphatso ku malo osungirako ana amasiye pa 26 Disembala. Chaka chino tagawanika. Ena akufuna tijambule zithunzi ndi anawo n'kuziika pa Facebook kuti anthu ambiri atithandize, ena akuti kumeneko n'kudzionetsera. Tiweruzeni. Ndine mlembi wa gululi.

YANKHO: Tiweruza, koma tiyambe ndi funso limene simudafunse: kodi mudayamba mwawafunsa oyang'anira malowo chimene akusowa? Malo ambiri otere amalandira magulu angapo sabata imodzi ya Disembala, onse atanyamula zinthu zofanana, kenako miyezi khumi ndi umodzi imadutsa popanda wobwera, pamene ana akufunika mankhwala, zofunda ndi zipangizo za sukulu. Vuto la mphatso zosafunsa limaoneka ngakhale pa masoka akuluakulu. Pa 26 Disembala 2004, tsiku lomwelo limene inu mumapita kukapereka mphatso, chivomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi chilumba cha Sumatra chidautsa mafunde amene adapha anthu pafupifupi 230,000 m'mayiko 14. Dziko lonse lidapereka mowolowa manja, koma pakati pa thandizolo padali milu ya zovala zosayenera nyengo ya kumeneko ndi mankhwala otha ntchito, zimene zidadya malo ndi nthawi ya ogwira ntchito yopulumutsa anthu. Wopereka amasankha chimene chimamusangalatsa kupereka, ndipo sikawirikawiri kuti chifanane ndi chimene wolandira akusowa.

Za zithunzi, mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. N'zoona kuti anthu amapereka akaona kumene ndalama zawo zikupita, ndipo kupempha poyera si tchimo. Mu 1891 Joseph McFee wa mpingo wothandiza osauka wa Salvation Army adaika mphika pa doko la San Francisco kuti odutsa aziponyamo ndalama zodyetsera osauka pa Khirisimasi, ndipo njira imeneyo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Koma taonani kuti chimene adaika poyera ndi mphika, osati nkhope za anjala. Chithunzi cha mwana chikalowa pa intaneti sichituluka, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangavomereze chinthu chimene chidzamutsata ali ndi zaka makumi awiri, anzake a ku koleji kapena omulemba ntchito atachipeza. Dzifunseni ngati mungakonde kuti tsiku limene banja lanu lidasowa chakudya likhale pa foni ya munthu aliyense. Jambulani katunduyo, jambulani gulu lanu likunyamula, lembani ndalama zimene zidasonkhedwa ndi mmene zidagwirira ntchito, koma nkhope ndi mayina a ana zisaoneke.

Nkhaniyi ndi yakale kuposa makamera. Mateyu 6:3 amati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Mphunzitsi wachiyuda Maimonides, amene adamwalira mu 1204, adasanja kupereka m'magawo asanu ndi atatu, ndipo adaika pafupi ndi pamwamba kupereka kumene wopereka ndi wolandira sadziwana, pamwamba penipeni n'kuikapo kuthandiza munthu ndi ntchito, ngongole kapena mgwirizano wa malonda kuti asadzafunenso kupempha. Muyeso wake wonse wagona pa kuchepetsa manyazi a wolandira.

Tionjezepo mfundo imene mwina siikusangalatsani. Ana ambiri okhala m'malo osungirako ana pa dziko lapansi ali ndi kholo limodzi lamoyo kapena achibale, ndipo chimene chidawapititsa kumeneko kawirikawiri ndi umphawi. Komanso alendo obwera tsiku limodzi, kunyamula ana, kuwaseketsa n'kuzimiririka, amaphunzitsa mwana kuti anthu omukonda sakhalitsa. Ngati gulu lanu likufunadi kuthandiza, gawani ndalamazo pawiri, theka la Disembala ndi theka la nthawi yotsegulira sukulu, ndipo sankhani anthu ochepa oti azipitako mwezi ndi mwezi mogwirizana ndi oyang'anira. Funsaninso a zachisamaliro cha anthu ngati pali agogo kapena azakhali amene akulera ana amasiye pakhomo, chifukwa amenewo magulu opereka mphatso sawafikira.

FUNSO: A Mkonzi, mchimwene wanga ali kundende chifukwa cha mlandu umene adapalamuladi, ndipo udachititsa manyazi banja lonse. Ndikufuna kukamuona nyengo ino, koma abale akuti kutero n'kuvomereza zimene adachita. Ndipite? Ndine mlongo wake.

YANKHO: Pitani, chemwali. Chilango adapereka ndi akhoti, ndipo pa chigamulocho sipadalembedwe kuti alandidwenso abale. Malamulo a United Nations okhudza kasungidwe ka akaidi, amene adakonzedwanso mu 2015 n'kupatsidwa dzina la Nelson Mandela, amanena pa lamulo nambala 58 kuti mkaidi aziloledwa kulumikizana ndi abale ndi abwenzi nthawi ndi nthawi, kudzera m'makalata ndi kuyenderedwa. Mandela mwiniyo, amene adakhala m'ndende zaka 27, pa zaka zoyambirira ku ndende ya pa chilumba cha Robben Island amaloledwa mlendo mmodzi ndi kalata imodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo oyang'anira ndende amadziwa bwino kuti kumudula kwa abale kunali chilango pachokha. Pa dziko lonse lapansi pali akaidi oposa 11 miliyoni, ambiri mwa iwo adzatuluka tsiku lina, ndipo amene ubale wawo sudaduke ndiwo amapeza pofikira n'kuyambiranso moyo.

Kumuona si kumuuza kuti sadalakwe. Mukhoza kumuuza maso ndi maso kuti adakupwetekani, n'kukhalabe mlongo wake. Abale ena musawakakamize, makamaka ngati wolakwiridwayo ali m'banja momwemo, pakuti nayenso akufunika kukumbukiridwa, mwinanso koposa. Musananyamuke, funsani akuluakulu a ndendeyo masiku ndi maola oonera akaidi pa tchuthi, chiphaso chimene chikufunika, ndi zinthu zimene zimaloledwa kulowa, kuti musakabwezedwe pa chipata. Ngati ali ndi ana, musawaiwale, chifukwa iwo akulipira mlandu umene sadapalamule.

FUNSO: A Mkonzi, ntchito yanga idatha mwezi wa Okutobala ndipo chaka chino ndilibe chogulira ana chilichonse. Anzanga ena andiitana kuti tikadye kwawo, koma ndikuchita manyazi kupita chimanjamanja. Ndikuganiza zokatenga katapila kuti ana asazindikire. Ndine bambo wa ana awiri.

YANKHO: Bambo, katapilayo musatenge. Chikondwerero chimatha tsiku limodzi, koma chiwongoladzanja chidzakupezani mu Januwale, mwezi umene lendi ndi zofunika za sukulu zikudikira, ndipo inu mulibe malipiro obwezera. Ana amazindikira zambiri kuposa mmene makolo amaganizira, ndipo chimene chimawaopsa kwambiri ndi nkhope ya bambo yodandaula popanda wowafotokozera. Auzeni padakali masiku, m'mawu oyenera msinkhu wawo, kuti ntchito idatha, kuti mukufunafuna ina, kuti chaka chino mphatso zogula sizikhalapo, ndipo kuti si mlandu wawo.

Kwa anzanuwo pitani. Zikondwerero zambiri zidakonzedwa moganizira kuti chaka chilichonse padzakhala wina amene alibe. Pa Nehemiya 8:10 anthu adauzidwa kuti adye, amwe, ndipo atumize gawo kwa amene sadakonzeretu kanthu. Asilamu amapereka chopereka cha Zakat al-Fitr pemphero la Eid lisanayambe, n'cholinga chakuti wosauka nayenso asangalale tsiku lomwelo. Malamulo otere sangakwaniritsidwe popanda wolandira, ndipo chaka chino gawo limenelo lagwera inu monga mmene chaka china lidzagwere wina. Ngati manja opanda kanthu akukuvutitsani, auzeni anzanuwo kuti mufika m'mawa kudzathandiza kukonza malo ndi kutsuka ziwiya, kapena kuti mudzasewera ndi ana onse kuti amayi apume.

Pa macheza amenewo musabise kuti mukufuna ntchito. Ntchito zambiri zimamveka kudzera mwa anthu odziwana nawo, ndipo munthu sangakutchuleni kwa bwana wake ngati akuganiza kuti mudakali pa ntchito yakale. Konzani makalata anu ofunsira ntchito sabata ino, kuti maofesi akadzatsegulidwa mu Januwale adzakupezeni muli okonzeka.